Miyezi 60, ndi 12 mwa 36

Pa pepala la malipiro la mphunzitsi aliyense amene analowa nchito ya boma kuyambira mu Febuluwale 2000 pali mzere wolembedwa NAPSA. Pa langa ulipo. Mwezi uliwonse 5 peresenti ya malipiro anga imapita kumeneko ndisanaigwire n'komwe, ndipo wondilemba nchito amaikapo 5 peresenti inanso. Aphunzitsi tikamakamba za mzere umenewu timakamba za ukalamba: kapuloti ku Chongwe, khola la nkhuku, kashopu pakhomo. Sitikonda kukamba za nchito yake yaciwiri. Ndalama yomweyo ndi imene iyenera kukusunga ngati matenda kapena ngozi yakulemaza usanafike zaka zopumira, moti sungathenso kugwira nchito. Pa Cingerezi amati invalidity pension. Ife tingoti penshoni ya olemala.

Koma kulemala pakokha sikukwanira. Madokotala a bungwe ayenera kuvomereza kuti kulemalako n'kosatha, ndiyeno kabuku ka zopereka zako kayenera kuonetsa miyezi yosacepera 60. Pa miyezi imeneyo, 12 ikhale yoperekedwa mkati mwa miyezi 36 yomaliza kulemala kusanayambe. Ukakwanitsa, umalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo lamulo limati penshoni isatsike pansi pa 20 peresenti ya malipiro apakati a anchito m'dziko. Ukapanda kukwanitsa, amakupatsa ndalama yako kamodzi basi, n'kutsazikana.

Manambala amenewa sanagwe ndi mvula. Ali ndi kwawo, ndipo kwawoko n'kutali.

Mu 1889 dziko la Germany, pansi pa Otto von Bismarck, linakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya olemala ndi okalamba. Bismarck sanali munthu wa mtima wa mayi. Anchito a m'mafakitale anali kuthamangira ku cipani ca asosholisiti, ndipo iye anaona kuti munthu amene akuyembekezera penshoni ya boma sathamangira kugwetsa boma. M'lamulo limenelo wanchito ndi bwana wake anali kupereka theka theka, ndipo umboni unali masitampu omata pa khadi mlungu ndi mlungu. Penshoni ya ukalamba inali kubwera pa zaka 70, pambuyo pa zaka 30 za zopereka, ndipo anchito ambiri a nthawiyo anali kufa asanaione. Imene anthu anali kuifikadi ndi ya olemala, ndipo pa iyo lamulo linafuna zaka zisanu za zopereka. Zaka zisanu, anzanga, ndiyo miyezi 60 yathu ija.

Maiko ena anatengera maganizo omwewo, aliyense n'kusokerera pa msinkhu wake. Ku America inshuwalansi ya olemala inayamba mu 1956, ndipo kwa munthu wamkulu lamulo lawo limafuna kuti akhale atagwira nchito yolembetsedwa zaka zisanu mwa zaka khumi zomaliza. Onani kuti mafunso ndi awiri, monga kwathu kuno. Loyamba: wapereka nthawi yaitali bwanji? Laciwiri: wapereka posacedwapa kodi? Mafunso awiriwa anapangidwira munthu wa mtundu umodzi, mwamuna wolowa pa geti ya fakitale ali mnyamata n'kuturukapo ali ndi imvi. Tsopano tiyeni tione ngati munthu ameneyo anakhalako kuno.

Ndikufuna tiimire pa Kasisi, kuseri kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, cifukwa ndiko kwawo kwa amai anga, komanso cifukwa pa malo amenewa mbiri yonse ya nkhaniyi imaoneka pafupi pafupi. Mishoni ya Kasisi inayamba mu 1905, caka comwe njanji inafika pa malo amene lero ndi Lusaka. Anaiyambitsa ndi wansembe wa Cijezwiti, Jules Torrend, munthu wokonda zilankhulo, amene mu 1891 anali atasindikiza kale buku loyerekezera galamala ya zilankhulo za Cibantu. (Inu olemba ndakatulo m'magazini ino, dziwani kuti ena anayamba kalekale kusanthula maverebu athu.) Dzikolo linali la Asoli. Njanji itadutsa, azungu anatenga minda ikuluikulu m'mbali mwake, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linadula malo apadera okhalamo anthu akuda. Msonkho unali kufunika ndalama, ndalama inali pa famu ya mzungu, ku njanji, ku mgodi wa Broken Hill, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa. Amuna ananyamuka.

Nanga amene anabwerako wopanda mwendo, kapena ndi cifuwa cosatha, anali kumusunga ndani? Yankho la atsamunda linali losavuta: mudzi. M'maganizo awo munthu wakuda m'tauni anali mlendo. Anali kubwera ndi citupa, kugwira nchito miyezi kapena zaka zingapo, ndiyeno kubwerera kwa amfumu ake. Mphamvu zake zinali za kampani, koma ukalamba wake ndi kulemala kwake zinali za alongo ake, mkazi wake ndi aphwake. Kampani inali kulipira malipiro a munthu mmodzi, pamene mudzi unali kulipira zotsala zonse popanda kulembedwa m'buku lililonse. Ndipo mudziwo unali utafooka kale. Audrey Richards, m'buku lake la 1939 lonena za Abemba, anaonetsa mmene kucoka kwa amuna kunali kusiyira midzi njala. Amene anacotsedwa manja ndi amene anapatsidwa katundu.

Pamene mudzi walephera, panali mishoni. Nyumba ya ana amasiye ya Kasisi inatsegulidwa mu 1926, ndipo kuyambira 1928 yakhala m'manja mwa masisitere a gulu locokera ku Poland. Pa geti ya masisitere panalibe funso lakuti bambo wa mwanayu anagwira nchito miyezi ingati. Panali funso limodzi: ali ndi womusunga? Ndimaona kuti m'mbiri yathu njira ziwirizi zakhala zikuyenda moyandikana ngati njanji, osakumana. Ina imafunsa zimene unapereka, ina imafunsa zimene ukusowa. Yoyamba imakupatsa ufulu woima pa kauntala n'kunena kuti ndalamayi ndi yanga. Yaciwiri imakupatsa cifundo, ndipo cifundo sucitengera kukhoti.

Kumigodi zinthu zinayamba kusintha cifukwa ca anchito eniake. Kunali sitalaka mu 1935, inanso mu 1940, ndipo zonse ziwiri anthu anaomberedwa. Mu 1949 kunabadwa bungwe la anchito akuda a m'migodi, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. M'zaka zomwezo boma linavomereza kuti fumbi la pansi pa mgodi limaumitsa mapapo, ndipo ku Kitwe kunakhazikitsidwa ofesi yopima anchito ndi kulipira odwala matenda a fumbi. Koma zimenezi zinali za wogwira mumgodi. Wolima fodya kapena wokama ng'ombe pa famu ya ku Ngwerere sizinamukhudze. Ndipo citupa cija, cimene cinali cizindikiro cakuti ndiwe mlendo m'dziko lako, anthu anacitentha pa moto mu 1961 pa nthawi ya Cha Cha Cha.

Ufulu unabwera mu 1964, ndipo mu 1966 boma la Kaunda linakhazikitsa Zambia National Provident Fund. Agogo anu amaikumbukira. Inali ngati bokosi losungiramo: iwe uikamo, bwana aikamo, ndipo ukakalamba kapena ukalemala amakutsegulira bokosi lako n'kukupatsa zonse kamodzi. Panalibe kugawana tsoka. Wolemala ali ndi zaka 28 anali kupeza zocepa zimene anasunga, basi. Ngakhale n'tero, kwa munthu amene atate ake anabwerako ku mgodi ndi bulangete ndi njinga cabe, khadi la Provident Fund linali cinthu cacikulu. Linali kunena kuti wanchito wakuda si mlendonso.

Cimene cinapha bokosi limeneli ndi kugwa kwa Kwacha. Mtengo wa mkuwa unatsika kuyambira 1975, ngongole zinakwera, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 mitengo ya zinthu inali kukwera kupitirira 100 peresenti pa caka. Ndalama imene munthu anasunga kwa zaka makumi awiri inafika posagula ngakhale malata a cipinda cimodzi. Nthawi yomweyo nchito zenizenizo zinali kutha. Lamulo logulitsa makampani a boma linabwera mu 1992. Zambia Airways, imene ndege zake anthu a ku Kasisi anali kuziona zikuuluka pamwamba pa minda yawo, inatsekedwa mu Disembala 1994. Mabasi a UBZ anatsatira. Migodi ya ZCCM inamaliza kugulitsidwa mu 2000. Anthu zikwizikwi anaturuka pa geti n'kulowa m'misika, m'mabasi ang'onoang'ono ndi m'maganyu. Soweto ndi City Market zinadzaza ndi anthu amene kale anali ndi manambala a nchito.

Apa ndi pamene mbiri imandiseketsa mowawa. Lamulo la National Pension Scheme linalembedwa mu 1996, ndipo NAPSA inayamba nchito pa 1 Febuluwale 2000. Kunena zoona linali lamulo labwino kuposa lakale. M'malo mwa bokosi la munthu mmodzi mmodzi, tsopano panali thumba limodzi la onse, kuti wathanzi anyamule wodwala, ndipo penshoni ibwere mwezi uliwonse mpaka imfa. Koma lamulo lofuna mbiri ya nchito yosaduka linafika pa nthawi imene nchito zosaduka zinali kukwiriridwa. Malaya anasokedwa mwini wake atawonda kale.

Sindikunena kuti malire a miyezi ndi nkhanza cabe. Ali ndi nzeru yake, ndipo ndi bwino tiimve. Thumba la onse likanati lilipire aliyense wopereka mwezi umodzi, anthu akanadikira kudwala kaye ndiyeno n'kukalembetsa. Opereka mokhulupirika akanadyeredwa, thumba n'kubooka. Miyezi 60 ndi mpanda woteteza zimenezo. Miyezi 12 mwa 36 nayo imafuna kutsimikiza kuti cakucotsa pa malipiro ndi kulemala, osati kuti unasiya nchito kalekale pa zifukwa zina. Aliyense amene anasungapo ndalama za cilimba amadziwa kuti wolowa lero salandira mawa.

Bvuto lili pa mmene mpandawo umagwera pa miyoyo ya anthu a m'komboni. Tiyerekeze mnyamata wa ku Mtendere amene analembedwa ulonda mu Januwale 2014, n'kugwira mpaka Juni 2019. Imeneyo ndi miyezi 66, yadutsa 60. Kontrakiti itatha anayamba kugulitsa salaula. Mu 2023 sitiroko yamugwira, dzanja ndi mwendo zafa. Tikawerenga miyezi 36 kubwerera m'mbuyo sitipezamo copereka ngakhale cimodzi. Penshoni ya mwezi ndi mwezi yamudutsa. Tiyerekezenso mtsikana wa zaka 25 amene wagwira m'shopu zaka zitatu osadumpha mwezi. Galimoto yamugunda pa Sabata akupita ku chalichi. Funso laciwiri wapambana, loyamba walephera, cifukwa 36 si 60. Onse awiri adzapatsidwa ndalama ya kamodzi, imene imathera ku mankhwala, ku lendi ndi ku ngongole za nthawi ya matenda. Ndipo wamng'ono ndi amene ali ndi zaka zambiri zokhala wolemala kutsogolo kwake.

Palinso cina cimene anthu saciona msanga. Kulemala kwambiri sikubwera tsiku limodzi ngati ngozi ya pamseu. Shuga imadya maso pang'onopang'ono. Msana umayamba ndi kudandaula. Matenda a maganizo amayamba ndi kujomba ku nchito. Munthu amacotsedwa, kapena amasiya yekha, n'kukhala pakhomo caka, zaka ziwiri, akumwa mankhwala a zitsamba ndi kupita ku mapemphero, ndipo akamafika pamaso pa madokotala miyezi yapita. Popeza lamulo limawerenga kuyambira tsiku limene kulemala kunayamba, makadi a kucipatala ndi umboni wofunika monga mapepala a malipiro. Kabuku ka ku kiliniki kamene timakulungiramo mbewu kangathe kukhala kusiyana kwa penshoni ndi kusowa penshoni.

Amalume anga, mlongo wa amai, anagwira nchito m'mafamu a cigawo ca Kasisi kwa zaka zoposa makumi awiri: kuthirira, kupopera mankhwala, kukweza matumba, kenako kuyendetsa thirakitala. Maso awo atayamba kuzima tinakhala pa mphasa n'kutsanula cikwama cawo ca mapepala kuti tiwerenge miyezi. Zaka zambiri analembedwa ngati wa nyengo, miyezi ya kukolola yokha. Pa famu ina anagwira zaka zinai akulandira ndalama m'envelopu yopanda dzina. Pa ina mapepala anali kuonetsa kuti ndalama inadulidwa, koma mwini famuyo sanaitumize kumene inayenera kupita, ndipo famuyo inagulitsidwa kalekale. Zaka makumi awiri za thukuta zinakhala miyezi yosafika 50 pa pepala. Iwo anangofunsa kuti, "Mphwanga, nanga zaka zinazo ndinali kuti?" Tsopano amakhala ndi amai, ndipo mbali ya malipiro anga imapita kumeneko mwezi uliwonse. Mudzi uja wa m'maganizo a atsamunda ukalipo. Kungoti masiku ano umalandira pa foni.

Boma linaiona nkhani ya anchito a nyengo ndi a masiku. Mu 2015 lamulo la nchito linasinthidwa kuti liletse kusunga munthu ngati wa ganyu pa nchito yokhalitsa, ndipo Employment Code ya 2019 inabwerezanso zomwezo. Lamulo lilipo. Koma pa geti ya famu kapena pa malo omanga nyumba pamaima anthu makumi asanu pa malo asanu, ndipo wofunsa za nambala ya penshoni tsiku loyamba amadziwa kuti mawa sadzaitanidwa.

Musasokoneze zimenezi ndi cipukuta misozi ca ovulala pa nchito. Imeneyo ndi njira ina, ya Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola ndipo ikuyenda pa lamulo la 1999. Kumeneko wopereka ndi bwana yekha, ndipo sawerenga miyezi. Makina akakudula zala mlungu woyamba, uli ndi mlandu womveka. Koma ngoziyo kapena matendawo ayenera kukhala ocokera ku nchito. Sitiroko ya pakhomo, shuga, kapena galimoto ya pa Sabata ija, si zawo.

Wotsala kunja kwa zitseko ziwirizi amapita ku njanji yaciwiri ija, yofunsa zimene ukusowa. Mu 2003 boma linayesa ku Kalomo kupatsa mabanja osaukitsitsa ndalama m'manja, ndipo pulogalamuyo, Social Cash Transfer, inafalikira m'maboma onse kudzera mu unduna woona za citukuko ca m'midzi ndi cisamaliro ca anthu. Banja lokhala ndi munthu wolemala kwambiri linaikidwa pa mlingo wapamwamba. Mu 2022 banja wamba linali kulandira K200 pa mwezi, la wolemala K400. Apa safunsa kumene unagwira nchito. Amafuna umboni wa kulemala, monga khadi la ZAPD, bungwe loona za anthu olemala, ndiponso kuti banjalo lipezeke kuti ndi losauka. Amene amagula unga wa 25 kg angadziwerengere yekha kuti K400 inali kufika tsiku liti la mwezi. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, n'kulemba lamulo lake mu 2012, koma thandizo la m'manja likadali la banja losauka, osati la munthu wolemala payekha. Ku South Africa anasankha njira ina. Wolemala wa zaka 18 mpaka 59 amalandira ndalama yake mwezi uliwonse pambuyo popimidwa ndi dokotala ndi kuonedwa cuma cake, ngakhale sanalembedwepo nchito. Ali ndi thumba lalikulu kuposa lathu, n'zoona. Koma kusankhako kunali kwa maganizo, osati kwa ndalama zokha.

Tibwererenso ku Kasisi pang'ono. Kuyambira 1974 Ajezwiti akhala akuyendetsa kumeneko sukulu ya zaulimi, Kasisi Agricultural Training Centre, imene inachuka ndi ulimi wosadalira feteleza wa m'sitolo. Alimi ang'onoang'ono ambiri adutsamo. Mlimi wotero amadzuka tambala asanalire, amagwira nchito zaka makumi anai, amadyetsa Lusaka repu ndi tomato, koma m'maso mwa lamulo la 1996 analibe mbiri ya nchito ngakhale mwezi umodzi. Ndi mmenenso zinalili kwa amai a pamsika, makondakitala, osoka ndi ometa, amene pamodzi ndi oposa theka la anthu ogwira nchito m'dziko muno. Mu 2019 boma linaturutsa malamulo olola anthu odzilemba okha nchito kulowa m'thumba la NAPSA. Citseko cinatsegulidwa. Cobvuta n'cakuti ndalama ya mlimi imabwera mu Juni, ya wogulitsa imabwera lero n'kusowa mawa, pamene thumba linazolowera kuwerenga mwezi ndi mwezi ngati masitampu a Bismarck.

Mu Epulo 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola mamembala kutengako 20 peresenti ya zopereka zawo asanapume, ngati apereka miyezi 60 kapena afika zaka 45. Mukukumbukira mmene zinalili. M'mabasi, m'mabala, pa Facebook, aliyense anali katswiri wa penshoni. Anthu amene sanayang'anepo kabuku kawo anathamangira pa intaneti ndi ku maofesi ndi ma NRC m'manja, ndipo ambiri ndi pamene anaona koyamba mabowo m'miyezi yawo. Nambala ya 60 inalowa m'kamwa mwa aliyense mlungu umodzi.

Ya 12 mwa 36 sinachuke conco, koma ndi imene imayenda ndi kalendala ngakhale iwe uli gone. Masamu ake ndimawapatsa ana a Giredi 9 ndipo amawapeza. Munthu amene wapereka mosadumpha n'kusiya lero ali ndi miyezi 36 yodzaza kumbuyo kwake. Mwezi uliwonse umene ukudutsa umacotsapo umodzi. Pakatha miyezi 24 watsala ndi 12 yeniyeni. Mwezi wa 25 watsala ndi 11. Amene anali kudumphadumpha, monga anchito a nyengo a m'mafamu a ku Kasisi amene amalembedwa miyezi inai pa caka, amafika pa 11 caka cimodzi cisanathe.